Musaphwanyire mwana mapiritsi a sal ferroso

Amayi ndi abambo amene mumamvera wailesi yathu, nkhani iyi ndailemba chifukwa cha zimene ndinaona ku mudzi wina wa kufupi ndi malire a Chiponde. Mayi wina ataona kuti mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu wayera zikhatho ndi m'maso, anatenga piritsi la sal ferroso limene analandira ali ndi pakati, naliphwanya n'kulisungunula m'phala la mwanayo. Cholinga chake chinali chabwino, koma njira yake inali yoopsa.

Ndi zoona kuti ana athu ambiri magazi awo ndi ochepa. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa 2011 anapeza kuti ana 69 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali ndi vutoli. Mwana amabadwa ndi ayironi wake m'thupi, koma akafika miyezi isanu ndi umodzi amakhala atatsala pang'ono kutha. Phala la mgaiwa lopanda kanthu silingamubwezeretse.

Nanga vuto lili pati? Piritsi la mayi lili ndi ayironi pafupifupi mamiligiramu 60, pomwe bungwe la WHO linanena mu 2016 kuti mwana wa miyezi 6 mpaka 23 akwanira ndi 10 mpaka 12.5 patsiku. Chinanso, thupi la mwana silitenga ayironi yense. Wotsalayo amatsikira m'matumbo, kumene kuli tizilombo tabwino ndi toipa. Ofufuza ku Kenya anaona kuti ayironi wotsalayu amanenepetsa tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, pamene tabwino timachepa.

Malungo nawonso amakonda ayironi. Ku chilumba cha Pemba ku Tanzania, osati Pemba wathu wa ku Cabo Delgado, ana anapatsidwa ayironi m'dera la malungo ambiri, ndipo zotsatira zake za mu 2006 zinasonyeza kuti ambiri mwa iwo anagonekedwa m'chipatala kuposa anzawo. Ife a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba malungo timawadziwa bwino.

Nkhani yopatsa chiyembekezo inachokera ku Msambweni, ku Kenya komweko, mu 2017. Kumeneko anapatsa makanda ayironi wochepa, mamiligiramu 5, pamodzi ndi mtundu wina wa shuga wotchedwa prebiotic, umene ndi chakudya cha tizilombo tabwino. Magazi anawonjezeka ndipo matumbo sanaonongeke monga zimakhalira ndi ayironi payekha. Musayambe kusakasaka ufa umenewu pamsika ayi. Mkaka wa m'mawere uli kale ndi shuga wodyetsa tizilombo tabwinoto. N'chifukwa chake ndikunena kuti kumuletsa mwana bere msanga ndi kumulanda mankhwala aulere.

Maganizo anga ndi awa. Ayironi tisamuope, koma aperekedwe ndi a chipatala, pa muyezo wa mwana, ndipo aziyendera limodzi ndi neti komanso kuyezetsa malungo mwana akangotentha thupi. Ena mudzati chipatala chili kutali, njinga palibe. Ndikumva, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha a zaumoyo kuti akamabwera ndi sikelo m'midzi aziona magazi a ana ndi kufotokoza bwino za muyezo. Koma kutalika kwa njira sikusandutsa piritsi la munthu wamkulu kukhala la khanda.

Pakhomo pali zambiri zimene tingachite. Yamwitsani bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenako pitirizani mpaka zaka ziwiri. M'phala thirani nsinjiro, dzira, chiwindi chophwanya, nandolo wosenda, kapena usipa ndi matemba a ku Amaramba osinja bwino. Mupatseni mango, gwafa kapena malambe, chifukwa zimathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi musamupatse, amatsekereza ayironi. Sambani m'manja ndi sopo musanamudyetse, ndipo mapiritsi anu muziwabisa pomwe mwana sangafike.

Abambo, ntchito iyi ndi yanunso. Mukagulitsa fodya kapena nandolo, kumbukirani mbale ya mwana. Ndipo mukaona zikhatho zayera, nyamulani mwana kupita naye ku chipatala tsiku lomwelo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.