KOLERA M'MAKOMBONI: WODWALA AYAMBE KUMWA ASANAFIKE KU CIPATALA

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa Novembala, mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke amakondwa ndi kunola khasu lake. Koma mbale wake wokhala m'komboni ya Kanyama mu Lusaka amayang'ana madzi odikha pakhomo pake mtima uli m'mwamba, pakuti dzinja la m'makomboni ndi nyengo ya kolera. Nkhani imeneyi si ya anthu a m'tauni okha. Ndi mabanja owerengeka cabe a kumidzi amene alibe mwana, mlongo kapena mdzukulu ku Chawama, ku Matero, ku George kapena ku Mtendere, ndipo mabasi onyamuka pa Intercity tsiku ndi tsiku amanyamula zambiri koposa katundu wooneka ndi maso.

Kanyama inamangidwa pa thanthwe la miyala ya laimu lokhala ndi mibowo ndi ming'alu pansi pake, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Cotero cimbudzi ca dzenje ndi citsime cosaya, ngakhale zitaoneka zotalikirana pamwamba, pansi zimapatsana madzi. Mvula ikaculuka zimbudzi zimasefukira, ndipo zonyansa zimalowa m'madzi amene banja limatunga m'mawa. Madzi otere angathe kukhala oyera mbee m'cidebe, koma muli kacirombo kosaoneka kamene kamayambitsa kolera.

Mliri umene unabuka mu Okutobala 2017 unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha. Boma linatumiza asilikali kukayeretsa misika, linaletsa malonda a m'mbali mwa miseu, ndipo mu Janyuwale 2018 ku Kanyama anthu analamulidwa kusayenda usiku. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unali woopsa koposa: anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana a sukulu, amene akanayamba maphunziro mu Janyuwale, anakhala pakhomo kufikira mu Febuluwale 2024. Comvetsa cisoni n'cakuti ambiri mwa omwalirawo anatsirizikira kunyumba kapena panjira, asanaonedwe n'komwe ndi namwino.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kolera imapha mwa kutha madzi ndi mcere m'thupi. Wodwala amatsegula m'mimba madzi okhaokha otuwa ngati otsukira mpunga, nthawi zambiri popanda kupweteka kwa m'mimba, ndipo amasanza. Maso amalowa m'kati, mawu amazilala, minofu ya m'miyendo imakokana, ndipo khungu likatsinidwa silibwerera msanga. Munthu wamkulu wamphamvu amene anayamba kudwala m'bandakuca angathe kumwalira dzuwa lisanalowe. Komabe matenda omwewa ndi amodzi mwa osavuta kuciza, cifukwa cimene catayika cingathe kubwezedwa ndi kapu pakamwa.

Mankhwala ake ndi ORS, amene makolo ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Madzi a Moyo. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizitsa, kapena othira klorini. Kumene kulibe paketi, mayi athire mu lita imodzi ya madzi abwino masupuni aang'ono a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni yomweyo ya mcere, osadzaza tutumu. Muyeso ukhale womwewo, pakuti mcere wocuruka umavulaza mwana. Wodwala amwe pang'onopang'ono kosalekeza. Akasanza, womusamala adikire mphindi 10 ndi kuyambanso. Khanda lipitirize kuyamwa. Ndipo zonsezi zicitike ali paulendo wa ku cipatala, botolo liri m'manja, kaya ndi pa njinga kaya ndi pa ngolo. Ofooka kwambiri amafunika diripu, imene palibe banja lingaike pakhomo.

Pali maganizo ena amene akhala akutayitsa miyoyo. Ena amamana wodwala madzi poganiza kuti akamwa m'mimba mutsegukabe. Ena amathamangira ku kantemba kukagula timapiritsi toumitsa m'mimba, nataya maola amtengo wapatali. Enanso amabisa wodwala m'nyumba cifukwa ca manyazi, poopa kuti anansi adzawachula auve. Manyazi amenewa ndi opanda pake. Mayi wa ku Kanyama amene amasesa pabwalo kawiri patsiku sangakonze yekha thanthwe limene nyumba yake yakhalapo. Ndipo wofuna kukaombeza kuti adziwe wamlodza mbale wake ndani, aziombeza mbaleyo atalandira kale cithandizo.

Tsono za anthu a kumidzi. Ambiri olowedwa ndi kacirombo ka kolera sadwala konse, koma amakatulutsa m'cimbudzi cao kwa masiku ofika 10. Ena matenda amawaonekera patapita maola 12, ena patapita masiku 5. Mlendo wocokera ku Lusaka angathe kufika pamudzi ali bwinobwino, nacita cimbudzi pachire pafupi ndi dambo pamene mudzi wonse umatunga. Sikuti mlendo apitikitsidwe ai. Cofunika n'cakuti pakhomo pali cimbudzi, madzi akumwa aziwiritsidwa, ndipo posamba m'manja asanadye nsima, munthu azithiriridwa madzi ndi sopo m'malo mwakuti onse abviike manja m'beseni limodzi. Nyakwawa imene ilola banja kukhala lopanda cimbudzi yaika mudzi wonse pangozi.

Maliro ndiwo obvuta koposa, pakuti mwambo umafuna kuti acibale asambitse mtembo ndi kuupititsa kwao. Thupi la womwalira ndi kolera limakhala lidakali ndi tizirombo tambiri, ndipo manja osambitsa mtembo nthawi zina ndi omwewo ophikira anthu osonkhana pa siwa. N'cifukwa cake a zaumoyo amayang'anira okha kuika maliro otere, mofulumira ndi anthu ocepa. Lamuloli ndi lowawa kwa gogo wa ku Nyimba amene sangaonenso nkhope ya mdzukulu wake, ndipo ogwira nchito ya zaumoyo ayenera kulifotokoza mwaulemu, osati mokalipa.

Boma nalo liri ndi mbali yake yosazembeka. Katemera wa kolera wakumwa, amene anaperekedwa m'makomboni pa miliri iwiri ija, amachinjiriza kwa kanthawi cabe. Kukwirira zitsime zosaya kulibe phindu ngati pa kiyosiki ya madzi mipope yauma, cifukwa mayi wopanda madzi adzafukula citsime comweco usiku. Khonsolo ya mzinda wa Lusaka ndi kampani ya madzi ziyenera kukumba ngalande ndi kupopa zimbudzi zodzala m'cilimwe, mvula isanafike. Ndipo Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti mapaketi a Madzi a Moyo ndi klorini afika ku zipatala zazing'ono za kumidzi milatho isanakokoloke.