Nyumba Ikoma ndi Manja a Mwini Wake

Pali mwambo wina umene walowa pakati pathu mwakachetechete, wosalamulidwa ndi mfumu ngakhale boma, wakuti munthu akafuna kukometsa nyumba yake ayambe wafunsa thumba lake. Ndipo thumba likayankha kuti mulibe kanthu, monga lakhala likuyankhira ambiri a ife chiyambire mwezi wa Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mwini nyumba amangopinda manja, nayang'ana makoma ake ambee, nanena mumtima kuti zokongola nza anthu a ndalama. Mwambo umenewu ine ndiukana. Sindiukana chifukwa chokonda umphawi, pakuti umphawi ulibe bwenzi ndipo wouyamikira ndi amene sadagone nawo, koma chifukwa ndiona kuti watiiwalitsa chuma chimene chili m'zala zathu, chimene makolo athu adali nacho asanaone ndalama ndi maso.

Amene adakwerako mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala zimene bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, adzavomereza kuti mtima wofuna kulemba ndi kukometsa sudabwere pa sitima ya Azungu. Zofiira za kumeneko adazisiya Akafula, zoyera adazijambula Achewa ndi dothi loyera pa miyambo yawo ya chinamwali ndi ya gule, ndipo utoto wonsewo adautola pansi pomwe adapondapo. Dzanja lomwelo ndilo tidalipeza kwa amayi athu, amene mvula ikatha, zokolola zitalowa m'nkhokwe, ankatsikira kudambo kukatapa mtsiro, nausenzera kumudzi pa nkhata, naukanya ndi madzi, nazira pansi ndi pakhonde ndi chikhatho mofatsa, kenaka natsutsuta ndi mwala wosalala wa kumtsinje kufikira pansi padanyezimira. Ndipo khoma ankalidula pakati, kumunsi dothi lakuda, kumtunda loyera kapena katondo wofiira, mwina ndi timaluwa ndi mizere yokhotakhota m'mbali mwa chitseko, kotero kuti mlendo wodutsa panjira ankadziwa asanaodire kuti pakhomo pano pali mkazi wa changu. Pa ntchito yonseyo sipadatuluke ngakhale kobiri limodzi.

Lero tikapeza kangachepe tithamangira kusitolo kukagula maluwa a pulasitiki, mafelemu opakidwa golide wabodza ndi nsalu zonyezimira za pathebulo, zimene zikoma sabata ziwiri, kenaka fumbi la Okutobala lizikuta, dzuwa lizisuwitsa, ndipo chaka chisanathe zili kudzala, kumene sizivunda. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chindiwawa koposa ndi ichi, kuti mlendo wolemekezeka akamveka kuti ali panjira, mayi amakulunga mkeka nauponya kuseri kwa chitseko, nabisa lichero ndi chipande ngati ndi zinthu zochititsa manyazi, pamene nyumba zogona alendo za m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, zipachika malichero omwewo pakhoma, alendo a kunja nalipira ndalama zambiri kuti agone pansi pake. Ndipo mipando ija yoluka imene amisiri athu amakhala nayo m'mbali mwa misewu kudikira wogula, igulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg ndi ku London ndi dzina la dziko lathu lomwe. Eni chinthu tichiyesa cha amphawi, ndipo tidzayamba kuchilemekeza pokhapokha chitabwerera kuno ndi mtengo wa kunja.

Komatu ndisanapitirire ndiyenera kuchenjeza achinyamata athu, amene ambiri a iwo ayamba kukonda ntchito za manja poonera tikanema ta pa Facebook ndi TikTok, chimene ndi chinthu chabwino ndithu. Tikanema timeneti timanena kuti zokongoletsa zake nzotsika mtengo, koma kutsika mtengo kwake nkwa dziko limene adatijambulira, kumene guluu wotenthetsa ndi magetsi, penti wopopera ndi timikanda ta galasi zili m'kabati ya nyumba iliyonse. Mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Kawale akati atsatire zonsezo, adzapeza kuti wawononga pa penti yekha ndalama zoposa mtengo wa chinthu chimene amafuna kupewa kugula, natsala pamapeto ndi botolo lopakidwa golide lopanda ntchito iliyonse, longoonjezera za kupukuta fumbi. Nyumba zathu zambiri nza zipinda ziwiri kapena zitatu, muli ana, muli katundu, mulibe malo osungira zinthu zongoyang'ana. Chotero muyezo wanga ndi uwu: chopangidwa pakhomo chichokere ku zimene zili kale pakhomopo kapena pafupi, ndipo chikatha kupangidwa chigwire ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tiyambe ndi telala wa pakhonde la sitolo, amene madzulo alionse amasesa mulu wa zidutswa za chitenje pansi pa makina ake, naziotcha kapena kuzitaya, ndipo akapemphedwa mwaulemu adzazipereka chabe kapena pa mtengo wa chabechabe. Zidutswa zazikulu zikadulidwa mofanana ndi kulumikizidwa, zituluka nsalu ya pathebulo, chovundikira pilo wa pampando, ngakhale chofunda cha pabedi chimene m'kati mwake mwaikidwa bulangete lakale la pa kaunjika. Ndipo wosoka wanzeru sasanganiza mitundu yonse mwachisawawa, koma asankha iwiri kapena itatu yogwirizana, naika nsalu ya mtundu umodzi m'mphepete kuti maso apeze popumira. Tizidutswa tating'ono, tosathekanso kusoka, ndito tipanga chopondera cha pakhomo. Atenga thumba la feteleza lotha ntchito, nalichapa bwino ndi sopo kuti mankhwala achoke, nalidula muyezo umene afuna, napinda m'mphepete kuti lisasosoke. Kenaka adula nsalu timizere totalika ngati chala, nalowetsa kamodzikamodzi m'maso a thumbalo ndi kawaya kopinda, namanga mfundo, mothithikana, mpaka thumba lonse litabisika. Ndi ntchito yochedwa, yoyenera madzulo pamene anthu akucheza, ndipo ngakhale mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri aitha. Chopondera chotere chichapika, chiuma msanga, ndipo chipirira matope a Januwale kuposa zambiri za m'sitolo.

Chitenje chomwecho chikayamba kutha pakati, m'mbali mwake mukadali molimba, ndipo mutuluka chikwama cha kumsika. Boma lidaletsa majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho m'chaka cha 2019. Koma yense woyenda m'mbali mwa mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe adziwa kuti lamulo palokha silinathe kuwachotsa. Adzawachotsa ndi mayi wopita kumsika ndi dengu kapena chikwama chake, amene wogulitsa tomato akatambasula jumbo amuuza kuti, "Zikomo, ndili nacho chotengera."

Za kumunda ndi kutchire ndizo zochuluka koposa. Chikho chouma bwino, chikapalidwa ndi kulembedwa ndi waya wotentha, napakidwa timafuta pang'ono, chisanduka chosungiramo mchere, masingano kapena makiyi. Chikabooledwa timabowo tambiri chikhala chovundikira getsi chimene chimwaza kuwala pakhoma mokoma, malinga babu lake likhale la mtundu uja wosatentha, ndipo kandulo asayandikire konse. Makoko a chimanga akanyowetsedwa alukika ngati tsitsi, nazungulizidwa, nasokedwa kukhala poikira mphika wotentha. Makungwa ouma a nthochi ali ndi maonekedwe ambiri, oyera, ofiirira ndi akuda, ndipo akadulidwa ndi lumo ndi kumatidwa pa katoni ndi phala la ufa wa chinangwa, limene ligwira ngati guluu, atulutsa chithunzi cha mudzi, cha ngalawa kapena cha phiri. Nsungwi ipatsa shelefu, popachika makatani ndi poika nsapato, koma pano pafunika kumvera akale: idulidwe yokhwima, m'nyengo ya chilimwe, ndipo iviikidwe m'madzi masabata angapo kapena ikhale pa utsi, pakuti yaiwisi ili ndi zotsekemera zimene tizilombo tofumbula tizikonda, ndipo wofulumira adzaona ufa ukugwa pansi pa shelefu yake mvula yoyamba isanathe. Za zitini ndi matayala odzalamo maluwa sindinena zambiri, poti aliyense waziona; chokhacho, aboole pansi kuti madzi asaime, angaweteremo udzudzu pakhomo pake pomwe.

Tsono wina adzanditsutsa nati, zonsezi zifuna nthawi, ndipo nthawi ya mayi amene adzuka tambala woyamba kukatunga madzi, napita kuganyu kapena kukagulitsa mandasi, nabwera kudzaphika, siili yaulere monga olemba nkhani ayesera. Mawu amenewa ndi oona, ndipo ndiwalandira. Koma ndani adalamula kuti kukometsa nyumba ndi katundu wa mkazi yekha? Pa mwambo wa makolo athu mkazi ankaumba mbiya, mitsuko ndi nkhali, koma kusoka mphasa, kuluka dengu ndi lichero, kusema mtondo, mpando, mthiko ndi chipande zidali ntchito za amuna, zimene ankagwira pabwalo pansi pa mtengo nkhani zili m'kamwa, ndipo mkamwini wosadziwa ngakhale imodzi mwa izi ankasekedwa kuchikamwini. Ngakhale m'Buku Lopatulika, pamene chihema chidamangidwa m'chipululu, akazi aluso adapota thonje ndi ubweya wa mbuzi, koma Bezaleli ndi Aholiabu, amuna, ndiwo adaitanidwa ndi maina awo kuti aseme, azokote ndi kuphunzitsa ena, ndipo luso lawo lidawerengedwa mphatso ya Mzimu. Bambo wa lero amene amatha Loweruka lonse pa bawo kapena pa mpira wa ku England, mpando wa m'nyumba mwake uli wothyoka mwendo chiyambire chaka chatha, asanamizire kusowa nthawi.

Ndipo amene nthawi alibedi, kapena amene manja ake ndi olemera, pakuti si onse adapatsidwa mofanana, ali ndi njira ina yolemekezeka, ndiyo kugula kwa mnansi wake waluso ndi kumlipira moyenera. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuona munthu wovala bwino, amene m'sitolo yaikulu alipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa, ataima pamsewu kunenerera nkhalamba imene yadula bango kudambo, yaling'amba, yaliyanika, yalisoka ndi khonje masiku angapo, niyenda nalo mtunda wautali pamutu, kufikira itagulitsa mphasa yake pa mtengo wosakwana ndiwo za tsiku limodzi. Wochita zotere ndiye akupha lusolo, chifukwa mwana wa nkhalambayo aona zonse, nalumbira kuti iye sadzagwira bango. Pogula tisamalenso mtengo umene chinthu chasemedwa nawo: mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, ndipo kabokosi konunkhira ka pathebulo sikayenera kulipiridwa ndi nkhalango.

Chotsala ndi kuphunzitsa, pakuti m'mera mpoyamba. Mnyamata amene apinda waya napanga galimoto yokhala ndi chiwongolero ndi mateyala oyenda, wasonyeza kale kuti maso ake ayeza ndipo zala zake zimvera. Chimene asowa ndi munthu womuuza kuti luso limenelo likhoza kukula naye. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, osema a m'midzi yozungulira adapeza pophunzirira ndi pogulitsira, ndipo ntchito zawo zidafika m'matchalitchi a maiko akutali. Ku Dedza dothi lathu lomweli liumbidwa makapu ndi mbale zimene alendo anyamula pa ndege. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano akhala akuphunzitsana kusoka ndi kuluka kwa zaka zambiri, potsata chitsanzo cha Dorika wa ku Yopa, ndipo ambiri a ife tidavala majuzi otuluka m'misonkhano imeneyo. Koma m'sukulu zambiri za pulayimale phunziro la zaluso latsala la pabolodi, ana kulemba m'kope mayina a zipangizo zolukira dengu osaligwira dengulo, chifukwa mphunzitsi mwini wake sadaphunzire kuluka ndipo ana m'kalasi ndi ochuluka. Pamenepo mudzi uliwonse uli ndi nkhalamba ziwiri kapena zitatu zodziwa mlaza, nsungwi ndi dongo, zimene zikhala pakhonde tsiku lonse popanda wozifunsa kanthu. Komiti ya sukulu, pamodzi ndi nyakwawa, ikhoza kuitana mmodzi wa iwo masana amodzi pa sabata m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene bango ndi mlaza zapezeka ndipo ntchito ya kumunda yachepa, ana nabwera ndi zipangizo zawo kuchokera kwawo. Ndipo nkhalambayo ipatsidwe mpando, itchulidwe mphunzitsi, ilandirenso kangachepe kochokera m'thumba la chitukuko cha sukulu, monga alandira mmisiri wokhoma malata a kalasi.