MIYEZI ITATU IMENE TIMABISA

Alakatuli a pano pa koleji amamukonda mayi woyembekezera. Sabata ndi sabata timamva ndakatulo zomuyerekeza ndi nthaka yachonde, ndi mtambo wa mvula, ndi dziko loti libadwa mawa. Koma m'ndakatulo zonsezi mimba yake imakhala yaikulu kale, yoti ngakhale mwana wa Sitandade 1 angathe kuiloza. Palibe amene walembako za mimba ya masabata 6, ija mwini wake amangoiganizira chamumtima uku akulimbana ndi nseru. Ine ndikuti tikuyamikira nyumba denga litakwera kale, chonsecho maziko anakumbidwa tonse tili m'tulo.

Tamverani, anzanga. Pakangopita masiku 22 mayi atatenga pathupi, mtima wa mluza umayamba kugunda. Pofika tsiku la 28, kanjira kamene kadzasanduke ubongo ndi mtsempha wa m'fupa la msana kayenera kukhala katatsekeka. Kakapanda kutsekeka bwino, mwana amabadwa ndi chotupa pamsana, mwina miyendo yosagwira, kapenanso wopanda mbali yaikulu ya ubongo, woti sangakhale ndi moyo. Tsiku la 28 limenelo, msambo wangochedwa ndi masabata awiri okha, ndipo amayi ambiri amakhala asanatsimikize n'komwe. Pakutha masabata 8 kamunthuko n'kotalika masentimita 3, kosafika pa kamtengo ka machesi, koma maso, zala ndi ziwalo zonse zikuluzikulu zayambika kale. Miyezi yotsalayo kwenikweni ndi yokula ndi kukhwima.

Ku Ulaya anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1957 ku West Germany kunayamba kugulitsidwa mankhwala ogonetsa otchedwa thalidomide, amene amayi ankamwanso pofuna kuletsa nseru. Pamene ankawachotsa pamsika mu 1961, ana zikwizikwi anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yongophukira. Mankhwalawo ankaononga pakati pa tsiku la 20 ndi la 36 basi. Masiku osakwana 20, koma chilema cha moyo wonse.

Nanga ife kuno timatani m'masiku amenewo? Timabisa. Mimba saitchula msanga, akuti mfiti ingaimange. Anamkungwi amadikira kuti ioneke ndiye achite chisamba, ndipo kusikelo ambiri amapita mwana atayamba kugunda m'mimba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 24 okha pa 100 aliwonse ndiwo anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba, pamene bungwe la WHO linalangiza mu 2016 kuti ulendo woyamba uzichitika masabata 12 asanathe. Mapiritsi oonjezera magazi amene anamwino amapereka ali ndi folic acid, amene amathandiza kanjira kaja kutsekeka. Akatswiri a ku Britain anatsimikiza zimenezi mu 1991. Koma amayenera kumwedwa mayi asanatenge pathupi ndiponso m'masabata oyambirira. Wolandira mapiritsiwo m'mwezi wachisanu apindula ku magazi, inde, koma za msana wa mwana mlandu unagamulidwa kale. M'mera mpoyamba, amatero akuluakulu omwewo amene amatiuza kuti tibise.

Wina anena kuti ndikunyoza mwambo. Ayi. Agogo athu sanali opusa. Mimba zambiri zimene zimapita padera zimatero m'miyezi itatu imeneyi, nthawi zambiri popanda cholakwa cha mayi, ndipo amene sanalengeze salira pamaso pa mudzi wonse kapena kufunsidwa kuti wadya chiyani. Chinsinsi chotere n'chachifundo. Bisani kwa apongozi, bisani kuchitsime, bisani kwa mnzanu wa chipinda chimodzi ngati ali wa pakamwa. Koma namwino si mudzi. Ndiye angakuyezeni chindoko ndi HIV nthawi ikadalipo, n'kukupatsani neti ya udzudzu, n'kukuchenjezani za kachasu ndi mapiritsi ogula pagolosale. Ndiyenso angazindikire kuti kupweteka kwa mbali imodzi ya chinena ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero, imene imapha mayi ikaphulika.

Komabe sindiimba mlandu amayi okha, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawira. M'madera ena muli malamulo akuti mayi abwere kusikelo yoyamba ndi mwamuna wake, apo ayi ndi kalata ya amfumu. Amene anapanga lamulolo ankafuna abambo atengepo mbali, chabwino. Nanga mtsikana amene mnyamata wake wakana mimba atenge yani? Akagwade kwa amfumu kukaulula chimene sanauze ngakhale mayi ake? Ameneyo amamanga chitenje molimba n'kudikira mpaka kubisa kutakanika. Ndipo anyamata okana mimbawo sali kutali. Ena timadya nawo kukafeteriya, ndipo amaomba m'manja kwambiri ikawerengedwa ndakatulo ya Mayi Afrika.