Nyimbo Siithera Pomwe Yayambira

Aliyense amene anafikapo pa dansi ya sungura ku Mbare, Mufakose kapena Mabvuku mumzinda wa Harare amadziwa kuti nyimbo za mtunduwu sizifulumira kutha. Zambiri zimapitirira mphindi 10. Kutalika kumeneku kuli ndi ntchito yake, pakuti mtima wa womvera susintha pakamphindi.

Nyimbo ya sungura kawirikawiri imayamba modekha. Woyimba amalongosola nkhani ya umasiye, umphawi kapena banja losokonekera, ndipo omvera amangogwedeza mitu, aliyense akukumbukira zake. Pakati pa nyimbo mawu amachepa, magitala n'kuyamba kuyankhana. Kumapeto ng'oma ndi gitala ya besi zimathamanga, ndipo yemwe anali ndi misozi m'maso uja amapezeka ali pakati pa bwalo akuvina. Vuto lake silinathe ayi, koma walisenza pamodzi ndi anzake mpaka lapepuka.

Alick Macheso, yemwe anabadwira ku Shamva mu 1968 ndipo ali ndi magazi a ku Malawi, ndi katswiri pa luso limeneli. Iye anakhwimira m'gulu la Khiama Boys la Nicholas Zakaria asanayambitse Orchestra Mberikwazvo. Chimbale chake cha mu 2000, Simbaradzo, chili ndi nyimbo ya m'Chichewa yotchedwa Mundikumbuke. Kwa ana ndi adzukulu a Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, kumva chinenero cha makolo awo pa wayilesi chinali chinthu chonyaditsa ndiponso chokumbutsa kwawo.

Asayansi nawonso anaunikapo nkhaniyi. Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya McGill ku Canada anapeza kuti ubongo umatulutsa timadzi tobweretsa chisangalalo, totchedwa dopamine, pa nthawi ziwiri: pamene munthu akudikira gawo la nyimbo limene amalikonda, ndiponso gawolo likafika. Choncho kudikira komweko ndi mbali ya kukoma kwa nyimbo.

Palinso kusintha kumene kumatenga zaka. Oliver Mtukudzi, mwana wa ku Highfield, anatulutsa nyimbo ya Todii pa chimbale cha Tuku Music mu 1999, nthawi imene pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'dzikolo anali ndi kachilombo ka HIV. Nyimboyi ndi yovinika, ndipo munthu akhoza kuivina kangapo asanalabadire mawu ake. Koma amene waika m'bale wake m'manda amaimva mwa mtundu wina. Mtukudzi atamwalira pa 23 Januwale 2019, nyimbo zake zinasandukanso chikumbutso cha mwini wake. Nyimbo ndi yomweyo. Amene wasintha ndi womvera.

Apa pali phunziro kwa alangizi ndi onse ogwira ntchito zachitukuko. Pa misonkhano yambiri nyimbo imangokhala nyambo yoitanira anthu. Mlendo wolemekezeka akangofika, kwaya kapena gulu la amayi limadulidwa pakati kuti zolankhula ziyambe. Potero anthu amatsala ndi chisoni chimene chadzutsidwa koma sichinaperekezedwe, ndipo uthenga wa Edzi, wa ana amasiye kapena wa chilala umagwera m'makutu otsekeka.

Mlangizi wanzeru amasankha nyimbo imodzi m'malo mwa zisanu, n'kuilola kuti ifike kumapeto. Ikatha amapereka mpata woti anthu apume, kenaka amafunsa zimene yawakumbutsa asanayambe kuphunzitsa. Pakapita miyezi ingapo amabwera nayonso, chifukwa mlimi amene anaimva nthawi yokolola adzaimva mosiyana m'mwezi wa njala. Ndipo ngati wina walira, safulumira kumutontholetsa.

Kusiwa anthu amadziwa kale zimenezi: nyimbo za madzulo ndi zachisoni, koma kukamacha namfedwa amakhala atapezako mphamvu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kufika pamtima pa anthu kudzera m'nyimbo ayenera kuipatsa nthawi yake.