Ufulu wa Zambia unayambira pazenera la butchala

Mu Lusaka, munthu akachoka pamsika wa Soweto wapansi kupita ku Cairo Road, amawoloka Lumumba Road, kenako Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road. Mayina awiri otsirizawa akusunga nkhani ya mmene Northern Rhodesia inasandukira Zambia, ndipo kuti imveke bwino tiyenera kuyambira pa kagulidwe ka nyama.

M'zaka za m'ma 1950, Mwafrika sankaloledwa kulowa pakhomo la butchala ndi masitolo ambiri a azungu mu Lusaka. Ankaima panja n'kumapereka ndalama pakazenera ka kumbali. Analibe mwayi wosankha, amangolandira chimene wamukulungira wogulitsa, kawirikawiri mafupa ndi zotsalira. Mu 1954 chipani cha African National Congress, motsogozedwa ndi a Harry Nkumbula ndi mlembi wawo a Kenneth Kaunda, chinauza anthu kuti asiye kugula m'mabutchala otere. Njirayi mphamvu yake ndi yosavuta kuimvetsa. Nyama siidikira, ikakhala masiku osagulidwa imawola, ndipo mwini sitolo amayamba kumvera anthu amene dzulo ankawanyoza. Anthu a ku America anachitanso zofanana asanalengeze ufulu wawo mu 1776: anakana kugula katundu wa ku Britain, ndipo mu 1773 anataya tiyi m'nyanja padoko la Boston, pokwiya ndi msonkho woikidwa ndi nyumba ya malamulo imene iwo analibemo owaimira.

Kuno nkhani ya msonkho inalipo, koma chimene chinawawa kwambiri chinali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 Aafrika akukana. Chuma cha mkuwa wa ku Copperbelt chinkapita kukamanga Salisbury, Harare ya lero. Mu 1958 a Kaunda anapatukana ndi a Nkumbula n'kuyambitsa ZANC. Boma linaletsa chipanichi mu 1959, a Kaunda n'kumangidwa. Atatuluka mu Januwale 1960 anatsogolera chipani cha UNIP ali m'nyumba nambala 394 ku Chilenje, imene lero ndi malo osungirako mbiri. Chaka chomwecho amayi Julia Chikamoneka ndi anzawo anavula mpaka m'chiuno pamaso pa nduna ya ku Britain, Iain Macleod, pabwalo la ndege la Lusaka. Pachikhalidwe chathu, mayi wamkulu akafika pamenepo ndiye kuti mawu amuthera.

Kuukira boma kotchedwa Cha Cha Cha kunabuka mu 1961, makamaka m'zigawo za Northern ndi Luapula. Anthu anatentha zitupa, anagwetsera mitengo m'misewu, anawononga milatho ndi masukulu, ndipo ena anaphedwa ndi asilikali a boma. Chimene ankalimbirana chinali kavotedwe, ndipo apa mpofunika kudekha. Malamulo a chisankho cha 1962 anagawa mipando patatu. Mipando 15 inali ya ovota a m'kaundula wapamwamba, amene ankafuna chuma ndi maphunziro, motero ambiri anali azungu. Ina 15 inali ya kaundula wapansi, wa Aafrika. Pa yotsala 15, pafupifupi yonse munthu ankaipata pokhapokha atapeza mavoti kumitundu yonse iwiri. Kagulu kochepa ka anthu kanali ndi mipando yofanana ndi ya khamu lonse. Ngakhale zinali choncho, UNIP inapeza mipando 14 ndipo ANC 7, ndiye a Kaunda ndi a Nkumbula, amene anali atayambana, anagwirizana n'kupanga boma. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo mbendera ya Zambia inakwera pa 24 Okutobala 1964.

Pali mfundo ina imene siikambidwa kawirikawiri. Mpaka tsiku lomaliza, umwini wa miyala ya pansi pa nthaka unali m'manja mwa British South Africa Company ya Cecil Rhodes, imene inkalandira gawo pa mkuwa wonse wokumbidwa. Zikanapitirira choncho, zikanakhala ngati kupatsidwa nyumba, nkhokwe n'kukhalabe ya mwini wakale. Kutangotsala maola ochepa, kampaniyo inavomera kusiya umwiniwo pa mapaundi 4 miliyoni, theka lolipira Zambia, theka Britain.

Dziko latsopanolo linali ndi anthu pafupifupi 100 okha a digiri, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia, n'kubwereka kalembedwe ka chikalata cha America cha 1776. Njira ya mafuta yodutsa ku Rhodesia itatsekeka, mafuta anasowa mu Lusaka, anayamba kubwera pa malole kuchokera ku Dar es Salaam mpaka paipi ya TAZAMA itatha mu 1968.

Ine ndimaona kuti pa 24 Okutobala timatchula kwambiri atsogoleri, n'kuiwala amayi amene anaphika masamba m'malo mwa nyama kuti kunyanyala kwa 1954 kugwire. Ana asukulu ayenera kuphunzira za iwo, komanso za magulu atatu aja a mipando 15, chifukwa popanda zimenezi sangamvetse chimene anthu a ku Luapula anafera mu 1961.