NDALAMA ZA CITUKUKO ZIKUGONA KU BANKI, MADZI AKULOWA M'NYUMBA KU MISISI

Kuyambira caka ca 2022 Boma lakhala likutumiza ndalama zambiri za citukuko ku madera onse a aphungu a Nyumba ya Malamulo, koma si zonse zimene zimagwira nchito caka cisanathe. Zina zimagona ku banki kufikira caka cotsatira. Funso limene anthu a m'makomboni a Lusaka ali nalo, makamaka a ku Misisi, ndi lakuti: kodi ndalama zotsalazo ziyenera kuyambira pa nchito yotani?

Poyamba nkofunika kudziwa kumene ndalamazi zimacokera. Khonsolo ya mzinda wa Lusaka imasonkhetsa misonkho ya nyumba, ya m'misika, ya masiteshoni a mabasi ndi ya malaisensi, koma kwa zaka zambiri ndalama zimenezi zakhala zosakwanira, ndipo Khonsoloyo yakhala ndi ngongole, ngakhale kwa anchito ake amene anapuma. Zimene zimatsala ndi za thumba lina lochedwa CDF, limene linayamba mu 1995. Mu 2021 dera la phungu aliyense linali kulandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazo zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Khonsolo ndiyo imasunga thumbali ndi kupereka nchito kwa makontilakita. Malinga ndi malangizo a 2022, atacotsapo zoyendetsera maofesi, magawo 60 pa 100 anali a nchito za anthu onse monga zipatala, masukulu, misewu ndi madzi. Magawo 20 olipirira ana sukulu ndi maphunziro a luso. Ndipo magawo 20 othandiza acinyamata ndi azimai pa malonda.

Nanga cimatsalitsa ndalama nciani pamene mabvuto ali oculuka cotere? Njira yake ndi yaitali. Anthu amapereka zofuna zao ku komiti ya citukuko ya wadi, komitiyo imatumiza ku komiti ya dera lonse, kenaka mndandanda uyenera kubvomerezedwa, ndipo pambuyo pake Khonsolo imaitana makontilakita. Mu 2022 mapepala a dziko lonse anali kuyembekeza dzanja la a Nduna ku likulu, ndipo miyezi inali kutha. Boma linaona bvutoli ndi kupereka mphamvu zobvomereza ku zigawo. Ngakhale conco, malipoti a Mkulu Wofufuza Ndalama za Boma asonyeza kuti m'makhonsolo ambiri ndalama zinali kutsala ndipo nchito zina zinali kusiyidwa zosatha. Ena amayesa kuti ndalama yotsala ndi ndalama yosungika, monga cimanga ca m'nkhokwe. Sizili conco ai. Mtengo wa simenti ndi zitsulo umakwera caka ndi caka, kotero ngalande imene ikanakumbidwa yonse imadzakumbidwa yoperewera.

Owerenga a kumudzi amene sanafikeko ku Misisi ayenera kumva za nthaka yake, pakuti bvuto lonse lagona pamenepo. Komboniyi ili kumwera kwa tauni, pafupi ndi njanji, ndipo pa masankho a 2021 inali mu wadi ya Nkoloma m'dera la Chawama. Akulu amati dzina lake linacokera kwa dona wa cizungu, Mrs, amene anali mwini malo. Pansi pake pali thanthwe la laimu, ndipo kale anthu anali kuphwanyapo miyala yomangira mzinda. Maenje amene anatsala anadzala madzi nakhala madamu, monga la Ngwenya. Thanthwe la laimu lili ndi ming'alu yambiri imene madzi amayendamo mosasefedwa, ndiponso madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Kumudzi munthu amakumba cimbudzi kutali ndi citsime, kumunsi kwake. Ku Misisi malo otero palibe: nyumba, cimbudzi ndi citsime zimayang'anana, ndipo mabanja angapo amagwiritsa nchito dzenje limodzi. Mvula ikakula, madzi a pansi amakwera, zimbudzi zimasefukira, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime ndi m'nyumba momwe. Mu 2010 madzi anaculuka kotero kuti mabanja a ku Misisi anasamutsidwa nakakhala m'mahema pafupi ndi bwalo la Independence Stadium.

Zotsatira zake dziko lonse linaziona. Kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2017 inagwira anthu oposa 5,000, ndipo kumapeto kwa December 2017 asilikali anatumizidwa kukayeretsa misewu ya m'tauni ndi misika. Mliri umene unayamba mu October 2023 unali woopsa koposa: anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 February 2024, kuphatikizapo a ku Katete ndi ku Lundazi. Matenda a m'komboni amakwera basi pa Intercity nafika kumudzi tsiku lomwelo.

Pa zocizira odwala, mzinda wapita patsogolo. Makiliniki a Chawama ndi Kanyama anakulitsidwa kukhala zipatala ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo gawo lina la ndalama za CDF linapatulidwa kuti dera lililonse ligule ambulansi. Zimenezi nzabwino, koma zimathandiza munthu amene wadwala kale, ndipo ambulansi siingalowe m'kanjira kodzala madzi ofika m'maondo. Cimene Misisi ikusowa ndi nchito zimene sizioneka bwino pa cithunzi: ngalande zotulutsa madzi, mapaipi ndi malo ogulitsira madzi oyera pa mtengo wocepa kuti zitsime zosaya zikwiriridwe popanda kusiya anthu ndi ludzu, zimbudzi zomangidwa ndi simenti mkati zimene zingathe kutapidwa zikadzala, ndi kucotsa zinyalala nthawi zonse. Ca zinyalalaci ambiri amacicepetsa, komatu ngalande yatsopano ikadzala mapulasitiki imakhala ngati sinakumbidwe. Kutapa zimbudzi nako si nkhani yacilendo: ku Kanyama nchitoyi inayamba mu 2013 pansi pa bungwe la madzi la komweko, ndipo anyamata amene anali kuicita mobisa usiku anapatsidwa zobvala ndi zipangizo.

Nthawi nayo ndi yofunika monga ndalama zomwe. Ngalande imakumbidwa pakati pa May ndi October, nthaka ikali youma. Ngati mapepala abvomerezedwa mu November, kontilakita amafika pamodzi ndi mvula, nchito imaima, ndipo ndalama zimalowa m'caka cina. Cotero ndalama zotsala za caka catha ndizo zoyenera kuyamba nchitoyi, cifukwa zili kale m'thumba pamene mvula ikutha ndipo siziyembekeza Boma kuti litumize zina.

Kunena zoona, thumbali silingathetse bvuto lonse. Nchito yaikulu ya madzi ndi ngalande imene inacitika mu Lusaka kuyambira 2013 kufikira 2018 ndi thandizo la America, imene inamanganso ngalande ya Bombay, inali ya madola pafupifupi 355 miliyoni, pamene K30.6 miliyoni ya 2024 siinafike ngakhale pa madola 2 miliyoni. Ndiponso madzi sadziwa malire a wadi. Ocotsedwa ku Misisi angathe kukamiza Kuku kapena John Laing ngati akatswiri a Khonsolo sanayese bwino kumene adzatulukire. Alipo ena amene amati kuli bwino kusamutsa anthu onse ndi kumanga malowo mwatsopano. Mau amenewa amveka kwa zaka zambiri, koma anthu akali pomwepo, cifukwa ku Misisi munthu amayenda pansi kupita ku msika wa Soweto kapena ku Kamwala kumene amapeza cakudya. Sangayembekeze nyumba zatsopano akumwa madzi a m'citsime coipa.

Palinso kagawidwe. Dera la Chawama, lodzala anthu, limalandira ndalama zofanana ndi dera la Vubwi kapena Chadiza. Anthu a kumidzi ali ndi cifukwa cao: mitunda ndi yaitali, milatho ndi yocepa, ndipo anatsalira kwa zaka zambiri. Koma kwa munthu wa m'komboni kagawidweka kakutanthauza kuti gawo lake ndi laling'ono, ndipo kwaca iliyonse yogona ku banki imamupweteka koposa.

Lamulo la maboma ang'ono la 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko m'mawadi onse, ku Misisi ndi ku Petauke comwe, ndipo mamembala ake amasankhidwa ndi anthu m'mazoni. Pa misonkhano imeneyi munthu aliyense angathe kufunsa a kansala kuti ndi ndalama zingati zatsala za caka catha, ndi nchito ziti zabvomerezedwa, ndipo kontilakita adzayamba mwezi uti. Ku Misisi yankho la funso lacitatuli liyenera kukhala mwezi wa May kapena June.