Tidziwe Zomwe Talowetsa M'munda Venda Asanafike

Nyengo yogulitsa ikafika, ambiri mwa ife timalimbana ndi venda pa mtengo wa soya kapena mtedza tisakudziwa kuti kilogalamu imodzi tailima ndi ndalama zingati. Mtengo wa mbewu timaukumbukira chifukwa unatipweteka. Koma aganyu opalira, lendi ya munda, matumba, ngolo yotutira, ngakhale thukuta la banja lathu, zonsezi zimaiwalika. Timabwerera kunyumba tikuti tapindula, chonsecho tadya mpamba.

Makalabu ndi makopaletivi athu ali nawo kale mabuku a mlembi ndi msungichuma. Pempho lathu ndi lakuti zolembedwamo zizilowetsedwanso mu pulogalamu ya Excel kapena Google Sheets, pa kompyuta kapena pa foni yamakono. Si zozizwitsa ayi, ndi tebulo chabe la mizere ndi timabokosi. Membala aliyense akhale ndi mzere wake, m'timabokosimo mulembedwe kukula kwa munda, ndalama zomwe walowetsa ndi makilogalamu omwe wakolola. Mukaiuza kamodzi, pulogalamuyo imaphatikiza ndi kugawa yokha. Mtengo wa matumba ukakwera, mlembi angosintha nambala imodzi, masamu onse akonzeka.

Chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira zokolola. Pokadandaula kuti mitengoyo yachepa, tizinyamula manambala ochokera m'makalabu, osati madandaulo okha.

Tikupempha alangizi kuti aphunzitse alembi athu ntchitoyi mvula isanagwe, kuti kulemba kuyambe tsiku logula mbewu. Koma buku lija musalitaye: magetsi amathima, foni imabedwa.